Kavalo M'maso mwa Amisiri Ojambula

Dzina lakuti kavalo tidalilandira kwa Apwitikizi, amene m'chinenero chawo amati cavalo, ndipo zimenezi pazokha zikusonyeza kuti nyama imeneyi ndi mlendo kuno kwathu. Kashembe pamodzi ndi matenda ena a ziweto adaitsekera njira m'madera ambiri a pakati pa Africa, kotero kuti alipo awerengi ambiri amene bulu amamudziwa bwino, mbidzi adaionapo, koma kavalo adangomuona pa chithunzi cha m'buku. Ku Ulaya ndi ku Asia zinthu zidali zosiyana. Kumeneko kavalo ankakoka pulawo ndi ngolo, ankanyamula makalata, ankapita ndi asilikali ku nkhondo, ndipo kufikira pamene sitima za pamtunda zidayamba kuyenda m'zaka za m'ma 1800, munthu wofuna kufika msanga kumene akupita ankadalira miyendo ya kavalo. Mwa ichi, amisiri ojambula zithunzi a m'maiko amenewo akhala akumujambula kuyambira kalekale.

Komatu kujambula kavalo ndi ntchito yovuta. Mwana wa sukulu angathe kulemba mutu, thupi ndi miyendo inayi, aliyense nkuvomereza kuti ameneyo ndi kavalo. Koma kuti woona chithunzicho amve m'mtima mwake kuti nyamayo ili ndi mantha, kapena yatopa, kapena ikukondwa ndi mphepo ya kudambo, pamafunika munthu amene adatha nthawi yaitali ali pafupi nayo. M'nkhani ino tiona anthu angapo amene adaigwira ntchitoyi, zimene adakumana nazo, ndi zimene zidawaonekera akavalo amene ankawajambulawo. Aphunzitsi ndi achinyamata a luso la manja apezamo zowathandiza, ngakhale nyama imene ili pafupi nawo ikhale ng'ombe kapena mbuzi.

Akavalo a m'mapanga

M'mwezi wa September 1940 anyamata anayi adatsikira m'dzenje lina pafupi ndi mudzi wa Montignac, kumwera chakumadzulo kwa France, ndipo adatulukira m'phanga limene tsopano limadziwika ndi dzina lakuti Lascaux. Pa makoma ake padali nyama zojambulidwa ndi dothi lofiira, dothi lachikasu ndi miyala yakuda yopera, zaka pafupifupi 17,000 zapitazo. Mwa nyama zonsezo akavalo ndiwo adachuluka, pakuti alimo oposa 300. M'chaka cha 1994 kudapezekanso phanga la Chauvet m'dziko lomwelo, limene zithunzi zake zili ndi zaka zoposa 30,000. M'menemo muli mitu inayi ya akavalo yondandalikana, yojambulidwa ndi makala. Mmisiri wake adayamba wapala thanthwe kuti liyere, kenaka adafikisa makalawo kuti masaya ndi mphuno zioneke zotukuka monga zimakhalira pa nyama yamoyo.

Chodabwitsa nchakuti nthawi imeneyo kudalibe munthu wokwera pa kavalo. Akatswiri opima mafupa akale adapeza kuti akavalo oweta amene alipo lero adachokera ku zidikha za pakati pa mitsinje ya Volga ndi Don, ku Russia, ndipo adayamba kufalikira zaka pafupifupi 4,200 zapitazo. Akavalo a m'mapangawo adali a m'tchire, ndipo anthu ankawasaka. Komabe sitinganene kuti anthuwo ankangojambula ndiwo zawo, chifukwa mafupa ambiri amene adapezeka pansi pa phanga la Lascaux ndi a nyama ina yonga mphalapala ya kumaiko ozizira, imene pa makomawo siioneka kwenikweni. Ankadya nyama ina, koma mtima wawo udali pa kavalo.

Ku phanga la Pech Merle kuli akavalo awiri amawangamawanga, ndipo mowazungulira muli zikhatho za anthu. Munthu ankatsamiza dzanja pa thanthwe, napemerera utoto ndi pakamwa kuti chikhatho chake chitsale pambali pa nyamayo. Kwa zaka zambiri ena ankayesa kuti mawangawo adali ongopeka, koma m'chaka cha 2011 asayansi opima mafupa a akavalo a nthawi imeneyo adapeza kuti ena mwa iwo adalidi a mawanga otero. Mlenje wopanda mfuti ayenera kubisala m'udzu nthawi yaitali, kuyang'ana m'mene nyama ikutembenuzira makutu ndi m'mene ikupondera, ndipo zimene adaona ali chobisala ndizo adakazilemba m'phanga. Akuluakulu athu adanena kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Aphunzitsi a m'khola la mfumu

Ku China, mfumu Xuanzong ya banja la Tang, imene idalamulira kuyambira 712 mpaka 756, idali ndi akavalo zikwizikwi, ambiri a iwo ochokera kumaiko a kumadzulo kwa ufumuwo. Pakati pa amisiri a pabwalo pake padali Han Gan. Mbiri yakale imasimba kuti mfumu itamuuza kuti akaphunzire kwa mmisiri wamkulu wa pabwalopo, iye adayankha kuti aphunzitsi ali nawo kale, ndiwo akavalo a m'makola a mfumu.

Chithunzi chake chotchuka nchaching'ono, cha inki pa pepala, ndipo tsopano chikusungidwa ku Metropolitan Museum mu mzinda wa New York. Chikuonetsa kavalo woyera amene mfumu inkamukonda, wa dzina lotanthauza kuti Woyera Wowala Usiku. Kavaloyo wamangidwa pa mzati. Mutu wauponya m'mwamba, diso lili tong'o, mphuno zatseguka, ndipo ziboda zikupalasa pansi. Mfumu idafuna chithunzi cha chiweto chake chokongola, ndipo idachilandira. Koma aliyense woyang'ana amayamba waona chingwe ndi mzati, namva kuti nyamayo ikufuna kuchoka. M'mbali mwa pepalalo mwadzaza zidindo zofiira za anthu amene adalisunga pa zaka zoposa 1,000.

Munthu amene adasenda kavalo

George Stubbs adabadwira ku Liverpool m'chaka cha 1724. Bambo wake adali wofufuta zikopa, ndipo zambiri za luso lojambula mwanayo adaziphunzira yekha. Ali mnyamata adakakhala ku York, kumene adaphunzira kapangidwe ka thupi la munthu pa chipatala cha mumzindamo, ndipo m'chaka cha 1751 adajambula zithunzi za m'buku lophunzitsa azamba.

M'chaka cha 1756 adachita lendi nyumba ya pa famu ku Horkstow, mudzi waung'ono wa m'chigawo cha Lincolnshire, nakhala kumeneko miyezi 18 pamodzi ndi Mary Spencer, mayi amene adakhala naye moyo wake wonse. Ntchito imene adaigwira kumeneko njosautsa kuimva. Ankapha kavalo pomukhetsa magazi, nathira mafuta osungunula m'mitsempha kuti isaphwe. Kenaka ankakoloweka thupilo ndi ngowe pa chitsulo cholendewera kudenga, ziboda zitaponda pa thabwa, kuti liime monga kavalo wamoyo. Atatero ankasenda chikopa, najambula zimene waona. Ankachotsa minofu ya pamwamba, najambulanso. Ndipo ankapitiriza motero mpaka kufika pa mafupa. Thupi limodzi ankakhala nalo masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, m'kati mwa fungo limene anthu ambiri sakadalipirira.

Atafika ku London ndi zojambula zakezo, sadapeze mmisiri wovomera kuzizokota pa mkuwa kuti zisindikizidwe. Choncho adazizokota yekha m'mamawa ndi usiku, masana akugwira ntchito yopezera chakudya. Buku lake lotchedwa The Anatomy of the Horse lidatuluka m'chaka cha 1766, patapita zaka 10 chiyambire ntchitoyo, ndipo lidathandiza ojambula ndi osamala akavalo kwa mibadwo ingapo.

Anthu olemera okonda mipikisano ya akavalo adayamba kumuitana bukulo lisadatuluke nkomwe. Cha m'ma 1762 Lord Rockingham, amene pambuyo pake adakhala nduna yaikulu ya Britain, adamupempha kuti ajambule kavalo wake Whistlejacket, yemwe adapambana mpikisano wa mamailosi anayi ku York m'chaka cha 1759. Chinsalu chake nchotalika masentimita 292 ndipo m'lifupi ndi 246. Masiku amenewo chinsalu chachikulu chotero chinkayenera mfumu kapena mkulu wa asilikali ali pa kavalo. Pa chinsalu cha Stubbs palibe wokwera, palibe chishalo kapena chingwe, palibe mtengo kapena phiri kumbuyo. Pali kavalo yekha, wofiirira, ataimirira ndi miyendo yakumbuyo, mutu atautembenuzira kwa woyang'ana. Mitsempha ikuoneka pansi pa chikopa pamalo pomwe Stubbs adaipeza ku Horkstow. M'chaka cha 1997 National Gallery ya ku London idagula chithunzichi ndi mapaundi 11 miliyoni.

Chithunzi chimene chimaonetsa bwino mtima wa Stubbs nchimene adajambula ali nkhalamba ya zaka 75. M'mwezi wa March 1799 kavalo wotchedwa Hambletonian adapikisana ndi mnzake Diamond ku Newmarket pa mtunda woposa mamailosi anayi, napambana pang'onong'ono. Akavalo onse awiri adakwapulidwa ndi kubayidwa ndi zitsulo za kuchidendene mpaka kutuluka magazi. Mwini wake, Sir Henry Vane-Tempest, adafuna chithunzi chokumbukira kupambanako. Stubbs adajambula kavaloyo mpikisano utatha, mnyamata wa kukhola akumupukuta thukuta. Makutu awagoneka kumbuyo, kukamwa kuli yasa, mwendo umodzi wakumbuyo waunyamula. Khamu la anthu osangalala mulibe, mwini wake mulibenso. Muli mnyamatayo ndi mkulu wogwira chingwe, ndipo onse awiri akuyang'ana kwa ife popanda kumwetulira. Mwini kavaloyo adakana kulipira, Stubbs adapita ku khoti, ndipo mlandu udamukomera. Chithunzicho chili ku Mount Stewart, ku Northern Ireland.

Adajambulanso mbale wake wa kavalo amene ife timamudziwa bwino. M'chaka cha 1762 mbidzi yaikazi idatengedwa ku South Africa nkuperekedwa ngati mphatso kwa Mfumukazi Charlotte, ndipo chaka chotsatira Stubbs adaijambula. Mizere yake yonse adailondola bwino, koma adaiimika yokhayokha pakati pa mitengo ya m'nkhalango ya ku England, kutali ndi anzake ndi dzuwa la kwawo. Munthu amene adaonapo mbidzi zikudya m'gulu pa Nyika amamva chisoni akaona chithunzichi.

Tsono apa pali mfundo yovuta imene sitiyenera kuizemba. Munthu amene adaonetsa dziko kutopa kwa Hambletonian ndi kusungulumwa kwa mbidzi ija ndi yemweyo amene adapha akavalo ku Horkstow kuti aone za m'kati mwawo. Zimene adachita kumeneko sizidali zachifundo. Ubale wa munthu ndi kavalo wakhala wotero kuyambira kale: munthu amamukonda, komanso amamugwiritsa ntchito mpaka kumupweteka. Chimene tingamuyamikire Stubbs nchakuti atadziwa thupi la kavalo motero, adakana kubisa zowawa zake pofuna kusangalatsa wolipira. Adamwalira ku London m'chaka cha 1806.

Mayi wa ku msika wa akavalo

Rosa Bonheur adabadwira ku Bordeaux m'chaka cha 1822, ndipo adaphunzira kujambula kwa bambo wake, pakuti sukulu yaikulu ya zojambula ya ku Paris siinkalandira akazi masiku amenewo. Akavalo amene adamukopa adali a ntchito, okoka ngolo zolemera. Kwa chaka ndi theka ankapita kawiri pa sabata ku msika wa akavalo wa ku Paris kukajambula. Pamalopo padali pa amuna okhaokha, pamatope ndi pandowe, ndipo kuti agwire ntchito yake mosavutitsidwa ankavala buluku. Popeza malamulo a mzindawo sankalola mkazi kuvala motero, adachita kutenga chikalata cha chilolezo ku polisi.

Chithunzi chake cha Msika wa Akavalo chidaonetsedwa koyamba ku Paris m'chaka cha 1853, ndipo adachitsiriza m'chaka cha 1855. M'litali mwake ndi mamita asanu. Akavalo akuluakulu oyera ndi akuda akuyendetsedwa mozungulira kuti ogula awaone; ena akutsatira mofatsa, ena akudzuka ndi miyendo yakutsogolo, ndipo amuna owagwira akulimbana nawo mikono ili gwa. Nkhope za amunawo sizioneka bwino, koma kavalo aliyense ali ndi khalidwe lakelake. Amenewa ndi akavalo ogulitsidwa, osadziwa kumene akagone usiku umenewo, ndipo Bonheur adawapatsa ulemu umene amisiri ena ankaupereka kwa akavalo a mafumu okha.

M'chaka cha 1865 Mfumukazi Eugénie idapita yokha kunyumba kwake kukamuveka mendulo ya Légion d'honneur, ndipo iye adali mkazi woyamba kuilandira chifukwa cha luso lojambula. M'chaka cha 1887 Cornelius Vanderbilt adagula chithunzi cha msika chija nachipereka ku Metropolitan Museum, kumene chili mpaka lero. Asungwana amene amauzidwa kuti ntchito yakutiyakuti si ya akazi aikumbukire mbiri ya mayi ameneyu.

Zimene diso silitha kuona

Ngakhale amisiri odziwa kwambiri adali ndi vuto limodzi: kavalo akamathamanga mwaliwiro, miyendo yake imayenda mofulumira koposa m'mene diso la munthu lingatsatire. Kwa zaka mazana ambiri ankamujambula ali m'malere, miyendo iwiri itatambasukira kutsogolo, iwiri kumbuyo. Ndi m'mene Théodore Géricault adajambulira mpikisano wa ku Epsom m'chaka cha 1821, chonsecho iyeyu adali katswiri wokwera pa kavalo.

M'mwezi wa June 1878 wojambula ndi kamera wotchedwa Eadweard Muybridge adandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira ku Palo Alto, pa famu ya Leland Stanford amene kale adali bwanamkubwa wa California. Kavalo podutsa ankachititsa kuti kamera iliyonse ijambule pa nthawi yake. Zithunzizo zidaonetsa kuti ilipodi nthawi imene ziboda zonse zinayi zimachoka pansi, koma nthawiyo miyendo imakhala itapindikira pansi pa mimba. Kutambasuka kumene amisiri ankajambula kuja sikuchitika. Ena, monga Edgar Degas, adaphunzira ku zithunzi zimenezi nasintha kajambulidwe kawo. Wosema miyala Auguste Rodin adatsutsa, ponena kuti kamera imaimitsa nthawi pamene m'moyo nthawi siima, ndipo mmisiri amene wachititsa woona kumva liwiro ndiye wanena zoona. Mkangano umenewu ngwaphindu kwa wophunzira aliyense, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo.

M'chaka cha 2012 asayansi a ku Hungary adapenda zithunzi ndi ziboliboli pafupifupi 1,000 za nyama za miyendo inayi zili kuyenda, kuti aone ngati miyendo idaikidwa moyenera. Pa zojambulidwa m'zaka mazana angapo ntchito ya Muybridge isadadziwike, zoposa 80 pa 100 zilizonse zidali zolakwika. Pa za m'mapanga, zolakwika sizidafike theka. Alenje aja, amene moyo wawo unkadalira kuyang'anitsitsa nyama, adawaposa amisiri a m'mizinda amene ambiri a iwo ankangotengera zithunzi za anzawo.

Akavalo m'nthawi ya nkhondo

Kamera itayamba kugwira ntchito yoonetsa maonekedwe enieni, amisiri ena adatembenukira ku zimene kamera singaone. Franz Marc, wobadwira ku Munich m'chaka cha 1880, ankakhala ku midzi ya ku Bavaria, kumene ankatha masiku akutsatira akavalo kubusa. Iye ankakhulupirira kuti nyama zili ndi mtima woyera umene anthu adautaya, ndipo ankadzifunsa m'mene kavalo amalionera dziko ndi maso ake. M'chaka cha 1911 adajambula kavalo wamng'ono wabuluu ngati thambo, ataweramitsa mutu ngati akulingalira, kumbuyo kwake kuli zitunda zofiira, zachikasu ndi zobiriwira. Kupindika kwa msana wa kavaloyo kukufanana ndi kupindika kwa zitundazo, kotero kuti nyama ndi dziko zikuoneka ngati chinthu chimodzi. Kwa Marc mtundu wabuluu unkaimira za mzimu.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka m'chaka cha 1914, Marc adalowa usilikali. Adaphedwa ndi chidutswa cha bomba pafupi ndi Verdun pa 4 March 1916, ali pa kavalo, ali ndi zaka 36. Pa nkhondo yomweyo akavalo, abulu ndi nyulu pafupifupi 8 miliyoni zidafa ndi zipolopolo, njala, matenda ndi kutopa. M'chaka cha 1937 boma la Nazi lidachotsa zithunzi zake m'nyumba zoonetsera, likuti nzopotoka. Chithunzi chake chachikulu cha akavalo anayi abuluu osanjikizana, cha m'chaka cha 1913, chidagwera m'manja mwa Hermann Göring, ndipo chidasowa nkhondo yachiwiri itatha m'chaka cha 1945.

Ku China, Xu Beihong, wobadwa m'chaka cha 1895, adaphatikiza njira ziwiri. Kuyambira 1919 adaphunzira ku Paris kapangidwe ka mafupa ndi minofu, ndipo atabwerera kwawo adajambula akavalo ndi bulashi ndi inki yakuda monga makolo ake. Ndi mizere yowerengeka ankatulutsa chifuwa, miyendo yaitali, mchira ndi ubweya wa pakhosi zikuuluka ndi mphepo. Akavalo ake ambiri alibe chishalo kapena chingwe. Pamene Japan idathira nkhondo dziko lake, Xu adayendera Singapore ndi Malaya akugulitsa zithunzi, ndalama zake natumiza kwa ovutika ndi nkhondoyo. M'chaka cha 1941 ali ku Penang adamva za nkhondo ya ku Changsha, ndipo m'nkhawa yake adajambula kavalo wothamanga molunjika kwa woyang'ana, nalemba m'mbali mwa pepalalo za nkhawa yakeyo. Anthu a kwawo adaona m'kavaloyo mtima wa dziko lokana kugonja. Xu adamwalira m'chaka cha 1953 ali mkulu wa sukulu yaikulu ya zojambula ku Beijing.

Kavalo nayenso amatiyang'ana

Zimene amisiriwa adaziona ndi maso, asayansi akuzitsimikiza tsopano. Maso a kavalo ali m'mbali mwa mutu, kotero kuti amaona pafupifupi mbali zonse popanda kucheuka, pakuti makolo ake ankasakidwa ndi zilombo. Khutu lililonse limatembenuka palokha. M'chaka cha 2015 ofufuza a pa yunivesite ya Sussex ku England adawerenga njira 17 zimene kavalo amasinthira nkhope yake. Chaka chotsatira adaonetsa akavalo zithunzi za nkhope za anthu, ndipo adapeza kuti akaona nkhope yokwiya mtima wawo umagunda mofulumira, nayang'ana nkhopeyo ndi diso lakumanzere monga amachitira ndi chinthu choopsa. Munthu wojambula kavalo nayenso amakhala akuyang'anidwa, ndipo wofika ndi phuma adzangojambula nyama yamantha.

Za akavalo a m'tchire aja, ku Ulaya adatha. Otsala ofanana nawo, aafupi, otuwira, a ubweya wa pakhosi woimirira, ndi a ku Mongolia amene eni dziko amawatcha takhi. Amenewa adaoneka komaliza m'tchire m'chaka cha 1969, napulumuka m'malo osungira nyama a m'mizinda, ndipo m'chaka cha 1992 adayamba kubwezeredwa ku zidikha za kwawo. Munthu woona takhi akudya msipu lero amazindikira msanga nyama ya pa khoma la Lascaux.

Phunziro kwa aphunzitsi ndi ophunzira

Inu aphunzitsi, m'masukulu ambiri ana amaphunzira kujambula potengera chithunzi chimene mwalemba pa bolodi, ndipo cholakwa chanu chimasanduka cholakwa cha ana makumi asanu. Amisiri onse amene tawatchula m'nkhani ino adapita kumene kudali nyama: Han Gan ku khola, Bonheur ku msika, Marc kubusa. Ng'ombe, bulu ndi mbuzi zilipo pafupi ndi sukulu zambiri, ndipo makala ndi pepala nzokwanira. Atengereni anawo kukhola, akhale chete kanthawi asadayambe kulemba. Afunseni kumene makutu aloza, mwendo umene wasenza kulemera kwa thupi, ndi malo amene fupa likuonekera pansi pa chikopa. Nyamayo ikayamba kuyenda, awerenge mapondedwe ake. Adzapeza kuti umayamba mwendo wakumbuyo wakumanzere, kutsatira wakutsogolo wakumanzere, kenaka wakumbuyo wakumanja, nkumalizira wakutsogolo wakumanja, ndipo mayendedwe amenewa ndi amodzimodzi kwa kavalo, ng'ombe ndi galu.

Ndipo inu achinyamata amene mwatsiriza sukulu muli ndi luso lojambula, kumbukirani kuti Stubbs adali mwana wa wofufuta zikopa ndipo adadziphunzitsa yekha. Sankhani nyama imodzi ya pakhomo panu, muijambule tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu, itagona, ikudya, ikumwa madzi, itamangidwa pa goli. Pakutha pa mweziwo dzanja lanu lidzakhala litaphunzira zambiri, ndipo mudzayamba kuzindikira tsiku limene ng'ombeyo yatopa kapena goli laipweteka pakhosi, mwini wake asadaone.